Danga Limene Tinalifufuta pa Fomu Yathu

Funso lachinayi

Fomu ija ndinailemba ndi dzanja langa, ndipo chimenechi ndicho chimandisautsa mtima kufikira lero. Munali mu Juni chaka cha 2023, patangodutsa milungu yochepa chiyambireni apolisi ndi asilikali kugwira anthu othawa kwawo amene ankakhala kunja kwa msasa n'kuwabwezera ku Dzaleka, msasa wa othawa kwawo wa m'boma la Dowa. Boma linali litalamula pa 27 Marichi kuti onse akhale atabwerera kumsasa pofika pa 15 Epulo, ndipo pa 17 Meyi ntchito yowagwira inayamba mumzinda wa Lilongwe, kumene ena, ndi ana omwe, anayamba agonekedwa kundende ya Maula asanatengeredwe ku Dowa. Mipingo inayi, imene kawirikawiri imangokumana pamaliro, inagwirizana zosonkha mabulangete ndi zovala za mphepo, popeza miyezi imeneyo ku Dowa kumazizira koopsa. Tinapanga komiti ya anthu 12, atatu kuchokera kumpingo uliwonse, ndipo ine anandisankha kukhala mlembi.

Pafomupo ndinaikapo madanga anayi: dzina, dziko lochokera, chiwerengero cha ana, ndi mpingo. Danga lachinayilo sindinaliike mwanjiru. Pamsonkhano wathu woyamba zinaoneka kuti aliyense ankafuna kuti akabwerera kwa akhristu ake akathe kunena kuti a mpingo wawo amene alandira ndi angati, chifukwa wopereka amafuna kumva kumene chopereka chake chagwera. Panalinso mantha ena amene sitinkawatchula mokweza, akuti mwina mpingo wina ugwiritsa ntchito mabulangetewo pokopa nkhosa za anzawo. Danga lija linali ngati mlonda wotiyang'anira tonse, ndipo panthawiyo ndinkaona kuti ndachita zanzeru.

Mayi amene anachedwa kuyankha

Tinagawira katunduyo m'tchalitchi china cha mumsasa momwemo. Ine ndinakhala patebulo pafupi ndi khomo, pambali panga pali mnyamata wotimasulira Chiswahili, ndipo mzere unali wautali mpaka kuseri kwa nyumbayo. Anthu ambiri ankayankha mafunso anayiwo mofulumira n'kumapita. Dzuwa litapendeka panafika mayi wina wochokera kummawa kwa dziko la Congo, mwana mmodzi kumbuyo, awiri atagwira nsalu yake mbali iyi ndi iyi. Dzina ananena, dziko ananena, ana anawaloza ndi chala. Nditafunsa za mpingo, mnyamata uja anamasulira, koma mayiyo anangokhala duu, maso ali pa mulu wa mabulangete umene unali utayamba kuchepa.

Ndinaganiza kuti sanamve, choncho ndinapempha mnyamatayo kuti abwereze funso. Apo m'pamene anayamba kulankhula, motsitsa mawu, kwa nthawi yotalikirapo, ndipo womasulira ankandipatsa mawu ake pang'onopang'ono. Anati anabatizidwa ali khanda mumpingo wa makolo ake. Atakwatiwa anatsatira mpingo wa mwamuna wake, amene anasiyana naye usiku umene mudzi wawo unaotchedwa. Ali paulendo anagona masiku atatu m'tchalitchi china chimene dzina lake sanalifunse, ndipo mwana wake wamng'ono atamwalira panjira, amene anapemphera pamanda anali bambo wina wonyamula Baibulo, yemwenso sanamufunse kuti ndi wa mpingo uti. Atatha kunena zimenezi anandiyang'ana ine, osati womasulira, n'kufunsa funso limene mnyamatayo anazengereza kulimasulira. Nditamukakamiza anati, "Akuti, bambo, anene mpingo uti kuti anawa alandire?"

Ndinasowa chonena. Mayiyu sankandinyoza, ndipo m'mawu ake munalibe mkwiyo. Ankangofunsa moona mtima, monga munthu amene ulendo wamuphunzitsa kuti patebulo lililonse pali yankho limene limatsegula khomo ndi lina limene limatseka, ndipo iye ankaopa kuphonya. Ine ndinkadziwa kuti bulangete akanalandira ngakhale akanatchula mpingo uliwonse, koma iye akanadziwa bwanji, pamene ndinali nditaika funsolo pakati pa ana ake ndi mulu uja?

Kumbuyo kwanga kunali amayi ena achikulire a m'komiti yathu, a mpingo wina osati wanga, amene tsiku lonse ankangopinda zovala osalankhula zambiri. Anabwera patebulo, anatenga cholembera m'dzanja langa, n'kukoka mzere kuchokera pamwamba mpaka pansi pa danga lachinayi. Anatsegula tsamba lotsatira n'kuchitanso chimodzimodzi, mpaka masamba onse amene anali asanalembedwe anatha. Kenako anandibwezera cholembera n'kunena kuti, "Mwananga, lembani dzina ndi ana basi." Atatero anatenga mabulangete awiri n'kukawaika okha m'manja mwa mayi uja.

Zimene tinakangana pobwerera

Pamsonkhano wotsatira nkhaniyi inavuta kuposa mmene ndinkaganizira. Msungichuma wathu, munthu wokhulupirika amene sanasowetsepo ngakhale kanthu kakang'ono, ananena kuti amayi aja anachita zinthu mosafunsa komiti, ndipo tsopano lipoti lathu linali lopunduka, theka lili ndi mipingo, theka lilibe. Sindinganene kuti analankhula zopanda pake. Ndalama za anthu zimafuna kulongosoledwa, ndipo mgwirizano wa mipingo umatha msanga pakangolowa kukayikirana pa chuma. Abusa ena anawonjezera kuti m'mipingo yathu momwemo muli amasiye amene amagona opanda chofunda, ndipo akhristu akufunsa chifukwa chimene tikudumphira a pakhomo n'kukathandiza a kutali.

Funso limenelo silinandichoke, ndipo sindikhulupirira kuti munthu woona mtima angalikankhire kumbali. Koma usiku umenewo ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachione: tinkati tikugwira ntchito limodzi, chonsecho tinali mipingo inayi yoyenda m'galimoto imodzi, uliwonse ukuwerenga zake. Tinasonkha katundu pamodzi koma mitima tinaisiya kwathu. Amayi achikulire aja atapatsidwa mpata sanadziteteze ndi mawu ambiri. Anangokumbutsa komiti kuti pa Mateyu 25, pamene Ambuye akutchula mlendo amene analandiridwa, palibe pamene akunena za mpingo wa mlendoyo, ndipo anapempha kuti ngati tikufuna lipoti, tizilemba chiwerengero cha mabanja ndi ana, chifukwa chimenecho n'chimene opereka ayenera kumva. Tinavota, ndipo danga lija linachotsedwa.

Mipingo inayamba kugwirizana pa mlendo isanagwirizane pa chiphunzitso

Zitachitika izi ndinayamba kuwerenga za mmene mipingo ya m'mayiko ena yakhala ikuchitira pa nkhaniyi, ndipo chimene chinandigwira mtima n'chakuti pafupifupi paliponse, munthu wothawa kwawo ndiye anakhazika mipingo patebulo limodzi akatswiri a zaumulungu asanamalize mikangano yawo. Bungwe la World Council of Churches, mgwirizano wa mipingo yambiri ya padziko lonse, linakhazikitsidwa ku Amsterdam m'chaka cha 1948, koma ntchito yake yothandiza othawa kwawo inali itayamba kale mu 1939, bungwelo lisanabadwe n'komwe. Amene ankaitsogolera anali Adolf Freudenberg, m'busa wa ku Germany amene nayenso anachoka kwawo chifukwa cha ulamuliro wa Nazi, ndipo ambiri mwa anthu amene ofesi yake ku Geneva inawathandiza anali Ayuda. Bungwe la Lutheran World Federation litapangidwa mu 1947, mwa Alutherani asanu ndi mmodzi aliwonse padziko lapansi, mmodzi anali wothawa kwawo. Anthu amenewo sanaphunzire za umoyo wa mlendo m'buku, anali atagonapo panja iwo eni.

Pa 31 Okutobala 2016, patapita zaka 499 chiyambireni kugawanika kwa mpingo pa nthawi ya Martin Luther, bungwe la Caritas Internationalis la Akatolika ndi nthambi yachithandizo ya Lutheran World Federation anasainirana mumzinda wa Malmö ku Sweden chikalata cholonjeza kugwirira ntchito limodzi pothandiza ovutika, kuphatikizapo othawa kwawo. Mipingo iwiriyi sinafike podyera limodzi Mgonero wa Ambuye, koma inaona kuti mwana wogona m'tenti sangadikire kuti nkhani imeneyo ithe. Miyezi ingapo izi zisanachitike, pa 16 Epulo chaka chomwecho, Papa Francis ndi atsogoleri awiri a mipingo ya Orthodox, Patriarch Bartholomew wa ku Constantinople ndi Arkiepiskopi Ieronymos wa ku Athens, anayendera limodzi msasa wa Moria pachilumba cha Lesbos ku Greece. Pobwerera ku Rome, Papa anatenga m'ndege yake anthu 12 ochokera ku Syria, mabanja atatu, ndipo onsewo anali Asilamu. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira danga langa lija, ndipo ndinadzifunsa kuti ndikanalembamo chiyani akanafika patebulo langa.

Sitikusowa kupita kutali kuti tione zimenezi. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique dziko lathu linasunga anthu oposa 1 miliyoni, ndipo m'boma la Nsanje alendo anafika pochuluka kuposa eni dera. Mipingo inawadyetsa ndi kuwaika m'manda akufa awo, koma atsogoleri a mipingo ya ku Mozambique sanalekere pomwepo. Mu 1989 Arkiepiskopi wa Katolika Jaime Gonçalves wa ku Beira ndi Bishopu wa Anglican Dinis Sengulane anali m'gulu la atsogoleri a mipingo amene anapita ku Nairobi kukakumana ndi akuluakulu a Renamo, gulu limene linkamenyana ndi boma la Mozambique, ndipo njira imeneyo, mothandizidwa ndi gulu la Akatolika la ku Rome lotchedwa Sant'Egidio, inakafika pa pangano la mtendere limene linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Anthu amene ankakhala m'misasa yathu anabwerera kwawo chifukwa panapezeka ofunsa chimene chinawathamangitsa, osati ongowafunditsa.

Mlendo ndi mame, koma mame awa akhala zaka makumi atatu

Ulendo wachiwiri ndinapeza mpata wocheza ndi mnyamata wotimasulira uja. Chichewa chake chinali chosalala kuposa cha ana anga, ndipo nditamufunsa kuti anafika liti kuno, anaseka pang'ono n'kunena kuti anabadwira mumsasa momwemo. Makolo ake anachokera ku Burundi, dziko limene iye sanalipondepo. Sukulu anaphunzira mumsasamo mpaka kulemba mayeso a Fomu 4 n'kukhoza bwino. Ndinamufunsa kuti tsopano akufuna kuchita chiyani, ndipo anayankha mwaulemu kuti, "Bambo, zofuna zilipo zambiri, koma chilolezo n'chimene palibe."

Makolo athu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo ndi mwambi umenewu timalimbikitsana kupirira ndi kuchereza. Koma ulemu wathu wonse kwa mlendo waima pa chiyembekezo chakuti mawa adzapita. Nanga akapanda kupita, osati mwakufuna kwake koma chifukwa kwawo nkhondo sinathe? Msasa wa Dzaleka unatsegulidwa mu 1994 pamalo amene kale anali ndende ya akaidi a ndale, ndipo anaukonza kuti usunge anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000. Lero muli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Muli akuluakulu amene analowamo ali ana, ndipo ana awo abadwiramonso.

Chimene chimawatsekera mmenemo si mpanda wa waya, koma lamulo. Dziko lathu linavomereza pangano la United Nations la 1951 lokhudza othawa kwawo m'chaka cha 1987, koma linakana kumangidwa ndi ndime zingapo, kuphatikizapo ndime 17 yonena za kulembedwa ntchito, ndime 22 yonena za maphunziro a m'sukulu za boma, ndime 26 yonena za ufulu woyenda ndi kusankha kokhala, ndi ndime 34 yonena za kupeza unzika. Lamulo lathu la othawa kwawo ndi la 1989, lolembedwa pamene alendo athu anali a ku Mozambique, amene aliyense ankayembekezera kuti abwerera posachedwa. Apa m'pamene ndinazindikira kuti bulangete limene tinapereka kwa mayi uja lidzang'ambika, tidzabweretsa lina, nalonso lidzang'ambika, ndipo tikhoza kuchita zimenezi mpaka ana ake atakula popanda chosintha, chifukwa chimene chikumusunga wopempha sitinachikhudze.

Bungwe la Jesuit Refugee Service, limene Bambo Pedro Arrupe analiyambitsa pa 14 Novembala 1980 ataona mavuto a anthu othawa ku Vietnam pamabwato, ndiponso limene lakhala likuyendetsa maphunziro ku Dzaleka, limafotokoza ntchito yake ndi zinthu zitatu: kuyenda nawo, kuwatumikira, ndi kuwalankhulira. Ife tinali titachita chachiwiri chokha, ndipo nachonso mwapatalipatali. Chachitatucho n'chimene tinkachiopa.

Kalata imene mpingo umodzi sukanailemba wokha

Nditapereka ganizo loti komiti ilembere phungu wa dera lathu kalata yopempha kuti lamulo la 1989 liunikidwenso, m'chipindamo munachita zii. Kenako abusa ena anati, "Abale, apa tayamba ndale." Ndinawamvetsa. Mpingo umodzi ukalankhula wokha pa nkhani yotere, anthu amafulumira kuupatsa mtundu wa chipani, ndipo m'busa amadziwa kuti pakati pa akhristu ake pali amalonda amene anasangalala alendo atachotsedwa m'misika. Madandaulo a amalonda amenewo si onama onse, pakuti munthu amene akuvutika kupeza chakudya cha ana ake saona pangano la United Nations lija, amaona amene akugulitsa moyandikana naye. Komabe ndinaona kuti chifukwa chomwecho chimene chimachititsa mantha mpingo umodzi ndicho chimapatsa mgwirizano ntchito yake yeniyeni. Kugawa zovala mpingo uliwonse ungathe pawokha. Kuima pamaso pa olamula n'kunena kuti lamulo ili likupweteka anthu kumafuna kuti tikhale ambiri, kuti pasapezeke woloza chala mmodzi.

Dziko lathu likudziwa bwino zimenezi. Kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Marichi 1992 ikanatha kuzimitsidwa ikanakhala yokha, koma atsogoleri a CCAP ndi a mipingo ina anaima nayo, Asilamu nawonso analowa, ndipo chaka chomwecho kunabadwa Public Affairs Committee. Pa 14 Juni 1993 tinaponya voti ya referendamu. Amene lero amati mpingo usamalankhule za malamulo amalankhula momasuka chifukwa mipingo inalankhulapo nthawi ina.

Ndinawafotokozeranso anzanga nkhani ina imene ndimaikumbukira kawirikawiri. Mumzinda wa The Hague ku Netherlands muli tchalitchi chaching'ono chotchedwa Bethel. Banja lina la ku Armenia, limene linali litakhala m'dzikomo zaka 9, linauzidwa kuti libwezedwa kwawo. Lamulo la kumeneko sililola apolisi kulowa m'nyumba yopemphereramo mapemphero ali mkati, choncho pa 26 Okutobala 2018 mpingowo unayamba mapemphero amene sanaime usana ndi usiku mpaka pa 30 Januwale 2019, masiku 96. M'busa mmodzi sakanatha, ngakhale mpingo umodzi sukanatha. Kunabwera abusa ndi alaliki mazanamazana a mipingo yosiyanasiyana, ena ochokera kunja kwa dzikolo, n'kumalandirana guwa, wina akatsika wina n'kukwera, pakati pa usiku pomwe. Mapempherowo anatha pamene boma linavomera kuunikanso nkhani za ana mazana angapo amene anali pa vuto lofanana ndi la banjalo. Chimene chimandikhudza pa nkhaniyi ndi ndandanda ya maola ija, pakuti panali munthu wokhala ndi pepala ngati langa, amene ntchito yake inali kuonetsetsa kuti ola la 3 koloko m'bandakucha lisakhale lopanda wopemphera, ndipo kwa iye mpingo wa amene wadzipereka sunali funso.

Kulankhulira ovutika sikutanthauza kudana ndi boma. Ku Italy gulu la Sant'Egidio, pamodzi ndi mgwirizano wa mipingo ya Chipulotesitanti ya m'dzikomo ndi mpingo wa Waldensian anakhala pansi ndi boma mu Disembala 2015 n'kugwirizana njira yoti othawa nkhondo azibwera pandege ndi zikalata zovomerezeka m'malo moika moyo pachiswe panyanja ya Mediterranean. Oyamba anafika mu Febuluwale 2016 kuchokera ku Lebanon, ndipo mipingoyo ndiyo inasenza udindo wowapezera pokhala ndi kuwaphunzitsa chinenero. Boma linatsegula khomo chifukwa panali oti alandire olowawo.

Fomu yatsopano

Kalata yathu inatenga miyezi iwiri kuti ilembedwe, ndipo chiganizo chilichonse chinakambidwa. Sitinapemphe zazikulu. Tinapempha kuti ana obadwira mumsasa amene amaliza sukulu, ndi akuluakulu amene ali ndi luso lodziwika, aziloledwa kugwira ntchito mwa dongosolo lomveka, ndipo tinanena poyera kuti tikudziwa nkhawa za amalonda a kuno ndi kuti nawonso ayenera kumvedwa. Tinatchulamo Levitiko 19, pamene Aisraeli akulamulidwa kukonda mlendo monga adzikondera okha pokumbukira kuti iwonso anali alendo ku Iguputo. Mipingo itatu inasaina. Wachinayi sunasaine, chifukwa akuluakulu ake anaona kuti nthawi sinakwane, ndipo zimenezi zinandipweteka. Koma abusa a mpingo umenewo, omwe aja anati tayamba ndale, ndiwo anatipatsa chipinda chochitiramo misonkhano yonse, ndipo tsiku lokapereka kalata anabwera n'kutiperekeza mpaka pakhomo la ofesi, kumene anatidikira panja.

Pokonzekera ulendo wachitatu, amayi achikulire aja anandiuza kuti popeza pafomu patsala malo, ndiikepo funso lina. Anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo ife takhala tikufunsa anthuwa zimene akusowa osafunsako zimene abwera nazo. Pamalo pa danga la mpingo ndinalembapo kuti "ntchito imene mumaidziwa". Tsiku limenelo mzere unayenda pang'onopang'ono, chifukwa anthu ankafuna kufotokoza. Ndinalemba amisiri a matabwa, anamwino awiri, okonza magalimoto, osoka, ndi bambo wina amene anali woyang'anira nkhalango kwawo.

Mayi uja anafika cha kumapeto, ana atatu aja ali naye. Anandizindikira, ndipo nane ndinamuzindikira. Mnyamata womasulira atamuwerengera funso lachinayi, sanachedwe kuyankha ngati tsiku lija. Anaweramira patebulo, anapempha cholembera, n'kulemba yekha m'dangamo ndi zilembo zoongoka bwino za munthu wozolowera choko ndi bolodi, ndipo mnyamatayo anandiwerengera: mphunzitsi wa masamu, zaka 11.